Nyama ya pa Positi ndi Mbaula za pa Bwalo: Mbiri ya Mwambo wa Tailgating ku America

M'dziko la United States of America muli mwambo wina umene mlendo amadabwa nawo akauona koyamba. Kuyambira mwezi wa Seputembala mpaka mu Januwale, imene ili nyengo ya mpira wawo uja wooneka ngati dzira, anthu zikwizikwi amalawirira kubwalo la masewero kudakali maola anayi, asanu, mwinanso kuposerapo kuti mpira uyambe. Salowa m'bwalomo msanga ayi. Amaimika galimoto zawo pabwalo loimikapo magalimoto, natsegula chitseko cha kumbuyo, kutulutsa mbaula, makala, mipando ndi mabokosi a nyama, nkuyamba kuwotcha. Chitseko cha kumbuyocho, chimene chimatsika nkusanduka ngati thebulo, m'Chingerezi amachitcha tailgate, ndipo mwambo wonsewo udatengera dzina pamenepo, nukhala tailgating.

Wongoona angaganize kuti ndi madyerero wamba. Koma kuti munthu adye kanyenya wotentha pamalo a phula, kutali ndi khitchini yake ndiponso kutali kwambiri ndi khola la ng'ombe, padafunika zinthu zitatu zimene makolo a anthuwo adalibe: galimoto, moto wonyamulika, ndi nyama yotha kuyenda ulendo wautali osawola. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imaonetsa mmene malonda adalerera mwambowu, ndi mmenenso malonda omwewo akuupanikizira.

Nkhani za chiyambi

Mwambo ukakula, ouberekera amachuluka. Ena amaulondola mpaka pa 21 Julayi 1861, tsiku la nkhondo yoyamba ya pa Bull Run m'chigawo cha Virginia, pamene anthu a mumzinda wa Washington, kuphatikizapo aphungu ena a nyumba ya malamulo, adakwera ngolo atanyamula madengu a kamba kukaonerera nkhondo yapachiweniweni ngati masewero. Asilikali a kumpoto atagonja, oonerera aja adathawa chothawa pamodzi nawo. Ena amatchula Charles Goodnight, woweta ng'ombe wa ku Texas, amene mu 1866 adakonza ngolo yophikiramo chakudya cha abusa a ng'ombe pa maulendo awo. Kumbuyo kwa ngoloyo kudali bokosi lokhala ndi chitseko chotsika, chimene wophika ankakonzerapo chakudya. Enanso amaloza pa 6 Novembala 1869, pamene sukulu za ukachenjede za Rutgers ndi Princeton zidasewera mpira woyamba wa pakati pa masukulu otere ku New Brunswick, m'chigawo cha New Jersey, Rutgers nkupambana 6 kwa 4.

Nkhani zonsezi zikuonetsa chinthu chimodzi, chakuti anthu akasonkhana kuonerera kanthu amanyamula kamba. Koma mwambo monga uliri lero udadikira galimoto. Pakati pa 1908 ndi 1927, kampani ya Henry Ford idapanga galimoto za Model T zoposa 15 miliyoni, ndipo banja wamba lidayamba kupita kumpira pa galimoto yakeyake. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, mabanja ambiri adasamukira kunja kwa mizinda nagula galimoto zazitali zokhala ndi chitseko kumbuyo. Mabwalo atsopano nawo adamangidwa pamalo otakasuka, atazunguliridwa ndi malo aakulu oimikapo galimoto: County Stadium ku Milwaukee mu 1953, bwalo la ku Green Bay limene lero limatchedwa Lambeau Field mu 1957, ndi Arrowhead Stadium ku Kansas City mu 1972. Pafupi ndi mabwalo ambiri oterewa padalibe malo odyera okwanira khamu lonselo, ndipo wofuna malo abwino oimikapo ankayenera kulawirira. Njala ndi kudikira zidachita mbali yake.

Mmene nyama idatalikirana ndi woidya

Kale, ku America monga kwina kulikonse, nyama yaiwisi inkadyedwa pafupi ndi pamene nyamayo yaphedwera. Yofuna kusungidwa inkathiridwa mchere kapena kufutsidwa ndi utsi. Zinthu zidasintha ndi sitima ya pamtunda. Mu 1865 mumzinda wa Chicago mudatsegulidwa msika waukulu wa ziweto wotchedwa Union Stock Yards, kumene ng'ombe ndi nkhumba za kumadzulo zinkasonkhanitsidwa. Poyamba ng'ombezo zinkatumizidwa zamoyo kumizinda ya kum'mawa monga New York ndi Boston, koma zinkawonda m'njira, zina nkufa, ndipo wamalonda ankalipira mtengo wonyamulira zikopa, nyanga ndi ziboda zimene sizidyedwa.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, Gustavus Swift adalemba ntchito mmisiri Andrew Chase kuti akonze bogi la sitima lozizira. Chase adaika ayezi kumwamba kwa bogilo kuti mpweya wozizira uzitsikira pa nyama, pamene wofunda ukutuluka. Kuyambira pamenepo ng'ombe inkaphedwa ku Chicago nkukadyedwa pamtunda wa makilomita oposa 1,000. Mzinda wa Omaha m'chigawo cha Nebraska udatsegula msika wake wa ziweto m'zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1955 udaposa wa ku Chicago. Misika iwiriyi idatsekedwa kale: wa ku Chicago mu 1971, wa ku Omaha mu 1999.

Tsono nyama ikachokera kutali pamabuka vuto la chikhulupiriro. Wogula saona ng'ombe, saona wopha, saona pophera. Mu 1906 mlembi Upton Sinclair adatulutsa buku lotchedwa The Jungle, limene lidaulula uve wa m'mafakitale a nyama a ku Chicago. Anthu adanyansidwa kwambiri, ndipo chaka chomwecho boma lidakhazikitsa lamulo loti nyama yogulitsidwa kuchokera m'chigawo china kupita m'china iziyamba yapimidwa ndi antchito a boma. Mu 1927 boma lidayambanso kuika nyama ya ng'ombe m'magulu molingana ndi ubwino wake. Magulu odziwika lero ndi Prime, Choice ndi Select, ndipo chachikulu chimene amayang'ana ndi mafuta olowerera mkati mwa mnofu, amene amachititsa kuti nyama ifewe ndi kukoma ikawotchedwa. Popanda chidindo cha boma chimenechi, palibe munthu wanzeru akadatumiza ndalama zake kukagula nyama imene sadaione.

Nyama ilowa m'positi

Kugula katundu kudzera m'kalata kudayamba nyama isanalowemo. Mu 1872 Aaron Montgomery Ward wa ku Chicago adasindikiza pepala la mitengo ya katundu natumizira alimi a kumidzi, ndipo pambuyo pake kampani ya Sears idatsatira ndi mabuku ake akuluakulu a malonda. Mu 1896 positi ofesi idayamba kupereka makalata pakhomo pa anthu a kumidzi, ndipo mu 1913 idayamba kunyamula maphukusi olemera. Nsalu, makasu ndi mawotchi zinkayenda bwinobwino. Nyama yaiwisi yokha ndiyo inkakanika.

Banja limene dzina lake lidamangiririka ku malonda amenewa ndi la Simon. J.J. Simon ndi mwana wake B.A. Simon adali Ayuda ochokera ku Riga, m'dziko la Latvia, amene adafika ku America mu 1898 pothawa chizunzo. Atagwira ntchito yodula nyama kwa anthu ena kwa zaka zambiri, mu 1917 adatsegula butchala yawo ku Omaha, yotchedwa Table Supply Meat Company. Mdzukulu wa J.J., Lester Simon, adakulitsa malondawo pogulitsa nyama kumahotela ndi m'mabogi odyeramo a sitima za Union Pacific. Apaulendo amene adalawa nyamayo m'sitima ankafuna kuidyanso kwawo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kampaniyo idayamba kutumiza nyama kwa ogula akutali. Mu 1966 idasintha dzina nkukhala Omaha Steaks.

Chinsinsi chidali m'phukusi. Nyama inkaumitsidwa ndi chisanu, nkuikidwa m'makatoni opaka phula pamodzi ndi ayezi wouma. Ayezi ameneyu si madzi, koma mpweya wa carbon dioxide woundana, wozizira mpaka madigiri 78 kunsi kwa ziro, ndipo akamatha sasungunuka nkukhala madzi koma amangobwerera kukhala mpweya. Choncho katoni sinyowa. M'zaka za m'ma 1960 kudabwera mabokosi opepuka a pulasitiki yoyera yofufuma amene salola kutentha kulowa, ndiponso njira yomatira nyama m'mapepala a pulasitiki atachotsamo mpweya wonse. Mu 1975 kampaniyo idatsegula nambala ya lamya yoimba mwaulere, ndipo m'zaka za m'ma 1990 idayamba kugulitsa pa intaneti. Makampani ena akale a nyama, monga Allen Brothers ya ku Chicago ndi Kansas City Steak Company, adalowanso m'malonda omwewa. Atsopano adabadwira pa intaneti pomwepo: Goldbelly, imene imatumiza zakudya za m'malo odyera otchuka, mu 2013, ndi ButcherBox, imene imatumiza bokosi la nyama mwezi ndi mwezi, mu 2015.

Makala ochokera m'zinyalala za galimoto

Moto nawo uli ndi mbiri yodabwitsa, pakuti udachokera kwa Henry Ford yemwe uja. Galimoto ya Model T inkafuna matabwa ambiri, ndipo Ford adagula nkhalango zazikulu kumpoto kwa chigawo cha Michigan namanga malo ochekera matabwa pafupi ndi tauni ya Iron Mountain. Amene adamuthandiza kupeza malowo adali Edward G. Kingsford, mwamuna wa msuweni wake. Ford adali munthu wodana ndi kutaya chinthu, ndipo milu ya utuchi ndi zidutswa za matabwa inkamuwawa mtima. M'zaka za m'ma 1920 kampani yake idayamba kutentha zotsalazo kukhala makala, kuwapera, kuwasakaniza ndi phala lomata, nkuwaumba timibulu tofanana kukula. Nzeru youmba makala motere sidali yake, pakuti Ellsworth Zwoyer wa ku Pennsylvania adali atailembetsa kale kuboma mu 1897, koma Ford ndiye adaifikitsa kwa anthu ambiri.

Makalawo ankagulitsidwa m'nyumba zogulitsira galimoto za Ford, nthawi zina pamodzi ndi kambaula kakang'ono konyamula pa ulendo. Uthenga wake udali woonekeratu: gula galimoto, pita kutchire, kawotche nyama. Mu 1951, Ford atamwalira kale, fakitaleyo idagulitsidwa kwa anthu ena amene adaitcha Kingsford, dzina limene lili pa matumba a makala mpaka lero. Ubwino wa timibuluti kwa munthu wa pabwalo la mpira ndi wakuti timayaka mofanana ndiponso kwa nthawi yodziwika, kotero wowotcha amatha kuwerengera kuti nyama ipsa mpira usanayambe.

Mbaula ya chivundikiro ndi zinzake

Mbaula zoyamba za pakhomo zidali zapululu, zina zomangidwa ndi njerwa. Mphepo ikawomba phulusa linkagwera pa nyama, mafuta akadontha moto unkalilima, mvula ikagwa phwando linkathera pomwepo. George Stephen, amene ankagwira ntchito ku Weber Brothers Metal Works ku Chicago, adatopa nazo zimenezi. Kampaniyo inkapanga zitsulo zobulungira zoyandama pamadzi zolozera njira za sitima. Stephen adadula chimodzi pakati, theka lapansi naliika miyendo itatu, lapamwamba nalisandutsa chivundikiro, ndipo adaboola mabowo oti mpweya uzilowa ndi kutuluka. Mu 1952 mbaula yakeyo idayamba kugulitsidwa. Chivundikiro chidasintha zonse: kutentha kumazungulira nyama mbali zonse, ndipo potseka kapena kutsegula mabowo munthu amalamulira moto. Kambaula kakang'ono ka mtundu womwewu, kotchedwa Smokey Joe, kamalowa bwinobwino kumbuyo kwa galimoto.

Chotsalira chidali kusunga nyama ndi zakumwa zili zozizira kuchokera kunyumba mpaka kubwalo. Mu 1953 Richard Laramy wa ku Joliet, m'chigawo cha Illinois, adapatsidwa chikalata cha umwini wa bokosi lonyamulika losungiramo ayezi, ndipo mu 1954 kampani ya Coleman ya ku Wichita idayamba kugulitsa mabokosi ake achitsulo. Kampani ya Igloo ya ku Texas idatulutsa kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi kotchedwa Playmate mu 1971. Mu 2006 abale awiri a ku Texas, Roy ndi Ryan Seiders, adayambitsa Yeti, mabokosi olimba ndi okwera mtengo amene amasunga ayezi masiku angapo.

Mbaula nazo zidachulukana. Za gasi zidakondedwa chifukwa zimayaka msanga ndi kuzima msanga, osasiya makala amoto oti munthu avutike nawo mpira ukamayamba. Mu 1974 Ed Fisher wa ku Atlanta adayamba kugulitsa mbaula zadothi za mtundu wa ku Japan, zimene zidadzatchuka ndi dzina lakuti Big Green Egg. Pakati pa zaka za m'ma 1980, Joe Traeger wa ku Oregon adakonza mbaula yoyaka ndi timibulu ta utuchi timene kamakina ka magetsi kamathira pamoto pang'onopang'ono. Kuyambira mu 2008 kampani ya Blackstone ya ku Utah idafalitsa chiwaya chachikulu chophwatalala choyaka ndi gasi, pamene munthu amakazingirapo mazira, anyezi ndi nyama nthawi imodzi.

Dera lililonse ndi ndiwo zake

Ngakhale zipangizo zimafanana dziko lonse, chowotchedwacho chimaulula kwawo kwa munthu. Ku Wisconsin, kumene kudafika anthu ambiri ochokera ku Germany, mfumu ya pabwalo ndi soseji yotchedwa bratwurst, imene ambiri amaiwiritsa mu mowa ndi anyezi kuwonjezera pa kuiwotcha. Butchala ya Fred Usinger idayamba ku Milwaukee mu 1880, ndipo ya banja la Stayer, imene idakhala Johnsonville, mu 1945. Ku Kansas City amanyadira nthiti ndi chidale cha ng'ombe zophikidwa ndi utsi wa nkhuni pamoto wochepa kwa maola ambiri, luso limene Henry Perry, munthu wakuda wochokera ku Tennessee, adalidziwitsa mumzindawo cha m'ma 1908. Ku Baton Rouge, m'chigawo cha Louisiana, amaphika jambalaya, mpunga wosakaniza ndi nyama ndi soseji, m'miphika yaikulu yachitsulo.

Apa mpamene malonda a pa positi adapezera ntchito imene eni ake mwina sadaiyembekezere. Anthu a ku America amasamukasamuka potsata ntchito. Wobadwira ku Wisconsin amene akukhala ku Arizona amaitanitsa masoseji a kwawo kuti tsiku la mpira limveke fungo la kumudzi, ndipo amapatsako anzake atsopano. Phukusilo limanyamula nyama pamodzi ndi chikumbutso cha kumene munthu adachokera.

Malo ena adaukhotetsa mwambowu m'njira yawoyawo. Ku University of Mississippi anthu amasonkhana m'nkhalango ya mahekitala anayi yotchedwa The Grove, m'mene galimoto zidaletsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Moto nawo suloledwa, choncho chakudya chimabwera chopsa kale nkuyalidwa m'matenti pa nsalu zokongola. Ku Knoxville, m'chigawo cha Tennessee, woulutsa mpira pa wailesi George Mooney adayamba mu 1962 kupita kubwalo pa bwato podutsa mumtsinje wa Tennessee pofuna kupewa kuthithikana kwa galimoto, ndipo lero mabwato ambiri amakocheza pamenepo tsiku la mpira.

Walira mvula walira matope

Nyama yoyenda mtunda ndi yowotchera padzuwa ili ndi ngozi zake. Unduna wa zamalimidwe wa dzikolo umalangiza kuti nyama ya m'phukusi ifike ili youma ndi chisanu, kapena yozizira ngati ya mufiriji, osapitirira madigiri 4. Umalangizanso kuti nyama ya ng'ombe yogaya ipse mpaka madigiri 71 mkati mwake, nkhuku madigiri 74, ndipo nthuli za ng'ombe madigiri 63. Yogaya imafuna moto wambiri chifukwa pogaya, tizilombo ta pamwamba timalowa mkati monse. Phunziro limeneli lidabwera ndi misozi mu 1993, pamene nyama yogaya yosapsa bwino ya m'malo ena odyera idadwalitsa anthu oposa 700 kumadzulo kwa dzikolo, ana anayi nkumwalira. Chakudya chopsa sichiyenera kukhala panja maola oposa awiri, kapena ola limodzi kukatentha kupitirira madigiri 32. Makala osazima bwino osiyidwa kunsi kwa galimoto atenthapo magalimoto, ndipo uchidakwa wachititsa masukulu ambiri kuika malire a maola ndi a zakumwa.

Chimene sichilowa m'phukusi

Mu 2015 akatswiri awiri, Tonya Williams Bradford ndi John Sherry, amene adafufuza mwambowu ku University of Notre Dame ndi kwina, adasindikiza zimene adapeza. Iwo adaona kuti anthuwa amasandutsa malo a aliyense kukhala khomo: amayala khitchini, chipinda chodyera ndi pabalaza pa phula, nakhala moyandikana ndi mabanja omwewo chaka ndi chaka, kulandira odutsa, ngakhale ochemerera timu ya adani. Adautcha mwambowu vestaval, potengera dzina la Vesta, mulungu wamkazi wa pamoto wa Aroma akale. Mwambi wa Chichewa umati mlendo ndi mame, ndipo wina umati kupatsa nkuika. Pabwalo la mpira la ku America nzeru imeneyi imaoneka poyera: wopatsa soseji lero adzabwereka machesi kapena makala sabata yamawa.

Koma malonda amene adabweretsa galimoto, makala, mbaula ndi phukusi tsopano akufuna kugulitsa phwando lenilenilo. Pa masukulu ndi mabwalo ambiri pali makampani amene amamanga tenti, kuyala mipando, kuika wailesi ya kanema ndi kubweretsa chakudya chopsa kale, wolipira nkungofika manja lendelende. Malo abwino oimikapo galimoto pafupi ndi bwalo nthawi zambiri amasungidwira opereka ndalama zambiri kusukulu kapena kutimu. Pa mpira waukulu wa Super Bowl wa pa 2 Febuluwale 2014 ku MetLife Stadium, m'chigawo cha New Jersey, kuwotcha nyama ndi kuyala mipando pamalo oimikapo galimoto kudaletsedwa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, mabwalo ambiri adaletseratu mwambowu kwa kanthawi. Nyama idapitirira kufika pakhomo m'mabokosi, mbaula zidayaka kuseri kwa nyumba, koma khamu la alendo padalibe. Ziletso zitachotsedwa anthu adabwerera pa phula paja, ngakhale kuti kunyumba kudali mipando yofewa ndi kanema wooneka bwino.

Tenti yolipira imakhala ndi chingwe ndi mndandanda wa oitanidwa. Mbaula ya banja imakhala ndi utsi umene umaitana aliyense wodutsa. Kumene malo a mabanja akuchepa ndipo matenti olipira akuchuluka, zipangizo zonse za m'mbiriyi zimakhalapobe, koma mnyamata wobwera wapansi wopanda tikiti ya tenti sapeza womuitana kuti adzalawe. Adzukulu ofuna kudziwa ngati mwambo uliwonse, wa kwawo kapena wa eni, udakali moyo, angayambe ndi funso limeneli: kodi mlendo wosaitanidwa akafika, alipo womupatsa mbale?